Chaka Chimene Nsungwi Zinachita Maluwa

Pa msika wa Milonde panalibe amene sankawadziwa a Jailos Muhiwa. Ena ankawadziwira madengu awo, olimba mpaka mwini wake kutopa nawo. Koma ambiri ankawadziwira pakamwa. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa amayi ogulitsa usipa. Ankakhala pamenepo nsungwi zong'amba zili mbwee m'miyendo, kawailesi komangamanga ndi mphira kali pambali, ndipo munthu akangoima kuti aone lichero, ankachoka atamva zimene sanadzere.

"Kodi mukudziwa kuti ng'ona siitha kutulutsa lilime?" ankatero, maso ali pa ntchito. "Nanga nkhono ija mumaiponda kudimba? Ili ndi mano ambiri kuposa a anthu onse a pabanja panu kuphatikiza pamodzi."

Anthu ankaseka n'kumati amenewo ndi mabodza a amisiri. A Jailos sankakwiya. Ankangoloza kawailesi kaja, n'kuponyanso china. Ankati ku Zanzibar kunachitika nkhondo imene inatha ola lisanakwane, mwakuti mayi amene anatereka nyemba nkhondoyo ikuyamba anamva kuti yatha nyembazo zisanafewe. Anyamata a njinga ankakonda ya mpira, yakuti pa fainolo yoyamba ya chikho cha dziko lonse matimu anakanganirana mpira, aliyense akufuna wake, mpaka anagwirizana kuti chigawo choyamba asewere wa awa, chachiwiri wa awo. Amayi othyola tiyi ku esiteti ankagwira pakamwa akamva kuti zitsamba zimene amaweramira tsiku ndi tsiku ndi mitengo yeniyeni, yoti itasiyidwa osadulira ingapitirire denga la tchalitchi.

Zinthu zimenezi a Jailos ankazitola ngati mmene ena amatolera bowa. Akamva chatsopano m'mawa, ankayenda nacho ngati munthu amene wabisa suwiti m'tsaya, kudikira woti amuuze.

Sanali a ku Milonde. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, cha ku Phalombe, ndipo anabwera ali mnyamata kudzafuna ntchito ku esiteti. Anakwatira Emelda n'kukhala mkamwini pamudzi pa akazi awo, ndipo kuluka anaphunzira kwa malume ake a Emeldayo. Mwana anabereka mmodzi yekha, Alefa, amene anamwalira atakula kale, chaka cha referendamu. Koma dzina lake linatsala pakhomo, chifukwa awiriwo sanasiye kuitanana abambo a Alefa ndi mayi a Alefa.

Nsungwi zimene ankalukira zinali m'mbali mwa khwawa, kumunsi kwa mudzi, ndipo zinali ndi mbiri yake. Agogo ake a Emelda, pothawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, anawoloka malire ndi khasu, mbuzi imodzi, ndi muzu wa nsungwi wokulunga m'chiguduli chonyowa. Muzu umenewo ndiwo unabala zonse. Aliyense wofuna nsungwi pamudzipo ndi m'midzi yoyandikana ankadzakumba pamenepo n'kukabzala kwake. Nkhokwe, makola a nkhuku, phaso la nyumba, madengu a tiyi, zonsezo zinkachokera kwa mayi mmodzi.

Chaka cha 2001 mvula inachuluka mpaka chimanga chinachita chikasu m'minda. Anthu anakolola pang'ono, koma anati bola, tidzaonjezera ndi chinangwa. Mvula itatha, tsiku lina m'mawa, Emelda anabwera kuchokera kukhwawa ndowa ili yosadzaza.

"Abambo a Alefa, takaonani nsungwi zanu zija. Zachita zinthu."

"Zinthu zanji?"

"Kaya. Ine chibadwire sindinazionepo."

A Jailos anatsika ndi chikwanje m'manja. Atafika anaima chilili. Pa mfundo iliyonse ya nsungwi panali timipira ta minga, tobiriwira, tolendewera ngati ndolo. Phata lililonse linali chimodzimodzi, kuyambira pa mwala wochapira mpaka kumene khwawa limakhotera. Mtima wawo unagunda ngati wa munthu amene watola chikwama. Anali atamvapo za zimenezi pa wailesi zaka zapitazo, koma sanaganizepo kuti angadzazione ndi maso awo.

Anathamanga kumudzi ngati mnyamata, akukuwa kuti anthu abwere adzaone. Anabwera ambiri ndithu, amayi ndi ana kumbuyo, abambo ndi makasu paphewa. Anabweranso Hudson, mchimwene wake wa Emelda, amene anali mwini mbumba. A Jailos anakwera pa mwala wochapira uja.

"Anthuni, amenewa ndi maluwa! Kodi mukudziwa kuti nsungwi imachita maluwa kamodzi kokha moyo wake wonse? Pali anthu amabadwa, kukalamba, mpaka kufa osawaona. Ife tawaona! Ndipo chodabwitsa n'chakuti zonse zochokera kwa mayi mmodzi zimachita chaka chimodzi, ngakhale ina mutakaibzala kutsidya kwa nyanja. Zimawerenga zaka m'kati mwake. Zikatero zimabala njere, njerezo zimachulukitsa makoswe, kenako zonse zimauma n'kufa, osatsala ndi imodzi yomwe..."

Analekeza pomwepo. Anali asanaganize za tanthauzo la zimene ankanenazo mpaka pamene anazimva zikutuluka m'kamwa mwawo. Madzi okha ndiwo ankamveka m'khwawa.

"Mwati zonse, alamu?" anafunsa Hudson.

"Ndi mmene ananenera."

"Ndi za kwathu kumtunda zomwe?" anafunsa mayi wina.

A Jailos anatsika pamwalapo pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakalamba mwadzidzidzi, ndipo anthu anabalalika akung'ung'udza kuti amenewa ndi malodza.

Anayesa kulimbana nazo. Anadula zonse za maluwa pa phata limodzi, poganiza kuti mwina muzu ungaiwale. Mphukira zimene zinatuluka, zazifupi ngati chala, nazonso zinachita maluwa. Anathira manyowa a mbuzi, anathirira madzi ngati ndiwo zamasamba. Masamba anapitiriza kuyoyoka. Nsungwi zimene kale zinkapindika mofewa m'manja mwawo zinayamba kuthetheka ngati mapesi. Analukabe, chifukwa panalibe china choti alukire, ndipo anatumiza madengu ku esiteti monga mwa nthawi zonse.

Sipanapite nthawi, Winston, kapitawo amene ankawagula madenguwo, anafika pansi pa mango paja atawamangirira pa njinga.

"Achimwene, ine ndimakulemekezani, koma izi ayi. Dengu lathyokera mzimayi pamsana, masamba onse mbwee m'matope, tsiku lake lonse lapita pachabe. Ena awiri chimodzimodzi. Abwana andikalipira ngati mwana."

"Si manja anga, a Winston. Ndi nsungwi."

"Ndikudziwa. Koma amene amathyola tiyi safunsa zimenezo. Tayamba kutenga kwa anthu a ku Thyolo. Mukapeza zabwino mudzandiuze."

Anatsitsa madenguwo, nakwera njinga osacheuka.

Emelda ndiye anakumbukira za Lackson, msuweni wake wa ku Mozambique, amene ankakhalabe pamudzi pamene agogo aja anachokera. Kumeneko, anatero, nsungwi ndi nkhalango, munthu umasochera m'kati. A Jailos ankadziwa yankho lake, koma njala ya ntchito inawachititsa kukayikira zimene ankadziwa. Mwina a pa wailesi anakokomeza. Anabwereka njinga, nawoloka mtsinje wa m'malire, napalasa mpaka dzuwa kupendeka.

Anaziona asanafike n'komwe pamudzi. Chigwa chonse chinali chotuwa ngati chapsa ndi moto wopanda utsi, ndipo mphepo ikawomba nsungwi zoumazo zinkagundana, kumveka ngati mafupa m'thumba. Lackson, munthu wamtali wa diso limodzi lofa, anawalandira m'Chilomwe, nawapatsa madzi ndi makaka owiritsa, chinangwa chouma chija.

"Zinayamba liti?" anafunsa a Jailos.

"Mvula itangotha. Mapira asanache."

"Kwathunso nthawi yomweyo."

A Jailos anayang'ananso chigwacho. Ndipo pansi pa chisoni chawo anamva kanthu kena kakutakataka, kamene anachita nako manyazi: kudabwa. Muzu unachoka pano agogo a Emelda ali mnyamata. Pakati panadutsa nkhondo ziwiri za ku Mozambique, anthu anathawa n'kubwerera, maboma anasintha uku ndi uko. Koma nsungwi za kuno ndi za ku Milonde, zosaonana, zosatumizirana uthenga, zinagwirizana mwezi wofera. Analakalaka atauza munthu. Anayang'ana Lackson, naona kuti si nthawi yake. M'mawa mwake anabwerera njinga ili yopanda katundu.

Kunena zoona, panali kanthawi kena kabwino. Njere zitakhwima zinayoyoka pansi, zonga mpunga, zambiri mpaka kuphimba nthaka. Amayi anayamba kusesa, kupeta ndi kusinja, ndipo zikaphikidwa zinkakoma ndithu. Emelda anadzaza mitsuko iwiri. Anthu ena anayambanso kuwapatsa moni a Jailos mwansangala, n'kumati mwina Mulungu watumiza mana. Mbewa nazo zinanenepa kukhwawa, ndipo pakhomo lililonse pankamveka fungo la zowamba.

Koma zimene zinkadya njerezo usana ndi usiku zinkaswana. Njere zitatha kukhwawa, zinakwera kumudzi. Poyamba anthu ankangomva kuswaya padenga. Kenako anayamba kuziona masana, makoswe ndi mbewa pamodzi, zikudutsa pabwalo mosaopa munthu. Zinaboola nkhokwe n'kusiya zitsononkho zokhazokha. Zinakumba chinangwa m'munda, zinadya nandolo ali mumtengo, zinalowa m'mitsuko ya Emelda ngakhale anavundikira ndi mbale n'kutsendereza mwala. Amphaka anakhuta mpaka kumangoziyang'ana. Mwana wa khomo loyandikana analumidwa chala ali m'tulo. Chimanga chochepa chija, choti chikanafika Disembala, chinatha mwezi wa Okutobala usanathe.

Tsiku la msika a Jailos anakhala pamalo pawo ndi malichero awiri otsala akale. Panafika Lines, mayi wamasiye wa ana anayi, amene kale ankaseka kwambiri nkhani ya nkhono. Sanawapatse moni.

"Mwakondwa tsopano? Makoswe anu aja abwera."

"Mayi, ine sindinawaitane. Ndinangonena zimene ndinamva."

"Munakwera pamwala, munakuwa, mukuseka. Tonse tinakuonani. Nanga bwanji simunakuwe kuti kukubwera chimanga? Pakamwa panu pamangodziwa zoipa?"

"Zikanachitikabe ngakhale ndikanakhala chete."

"Ndiye mukanakhala chete!"

Anthu anali atazungulira. Palibe anawanyoza, koma palibenso anawaikira kumbuyo. Wina chapatali ananena motsitsa kuti obwera ndi choncho, sadziwa zoyenera kutchula ndi zosayenera. A Jailos anali atakhala pamudzipo zaka zoposa makumi atatu. Anatola malichero awo napita kunyumba, ndipo pansi pa mango paja sanakhaleponso.

Njala ya chaka chotsatira inagwa m'dziko lonse, koma ku Milonde inapeza anthu ali kale pansi. Chimanga chinasowa ngakhale kwa amene anali ndi pogulira. Anthu anadya gaga, anadya mango aawisi owiritsa, kenako anayamba kukumba mitsitsi ya nthochi n'kumasinja. Ena anadwala ndi kalongonda, nyemba ija yoopsa ikapanda kupsa bwino, chifukwa ana sakanatha kudikira kuti awire tsiku lonse. A Jailos anapita ku esiteti kukapempha ganyu wopalira, koma pachipata panali anyamata amphamvu ambirimbiri, ndipo mlonda anangoyang'ana imvi zawo n'kupukusa mutu. Wailesi anasinthanitsa ndi mbale ziwiri za gaga.

Emelda anayamba kutupa mapazi. Anali munthu wosadandaula, ndipo a Jailos anachedwa kuzindikira kuti pogawa chakudya ankadzipatsa chochepa, n'kumanama kuti walawa kale pophika. Atayamba kutsekula m'mimba anamutengera kuchipatala pa njinga yobwereka. Anapatsidwa mankhwala, nauzidwa kuti azidya mokwanira. Anabwerera.

Masana ena anamugoneka pakhonde kuti awothere dzuwa. Mvula inali itakata pang'ono, ndipo phiri linkaoneka lonse, loyera ndi mathithi. Emelda anawayang'ana amuna ake nthawi yaitali.

"Abambo a Alefa, mwasiya kulankhula."

"Ndilankhule chiyani?"

"Zanu zija. Pakhomo pano pachita zii ngati pamanda. Tandiuzani chimodzi."

"Anthu akuti pakamwa panga m'poipa."

"Ine ndine anthu? Ndakhala ndikumva zimenezo chikwatiwire, sindinafe nazo. Nenani."

A Jailos anafufuza m'mutu. Zonse zimene ankazikonda zinkaoneka ngati zoseweretsa za ana. Potsiriza anati, "Akuti mtima wa munthu ndi waukulu ngati chibakera chake."

Emelda anakweza dzanja lake pang'onopang'ono, nafumbata, naliyang'ana. Linali litatsala mafupa okhaokha.

"Ndiye wanga wachepa," anatero, naseka pang'ono. "Wanu tione."

Anafumbata nawonso, naika pafupi ndi lake. Emelda anagwira chibakera chawocho ndi manja onse awiri, natseka maso. Anakhala choncho mpaka mthunzi unafika pakhonde. Anamwalira m'sabata yomweyo, m'mawa, a Jailos atapita kukatunga madzi.

Maliro a chaka chimenecho sankachedwa. Panalibe chophikira anthu, ndipo okumba manda ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha chizungulire. Anamukulunga mumphasa. Nyimbo anaimba ziwiri zokha.

Mwambo wa kumeta utatha, Hudson anawapeza a Jailos kukhwawa. Anali atagwada pakati pa zitsa zakuda za nsungwi, akuzula udzu ndi zala. Njere zochepa zimene makoswe anaphonya zinali zitamera, timbewu tonga udzu, tosapitirira chikhatho.

"Alamu, taonani," anatero a Jailos. "Zabwereranso. Zingofunika kutchingira mbuzi."

"Zidzafika poti n'kulukira liti?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri. Mwina kupitirira."

Hudson anakhala pa chitsa, navula chipewa, nachitembenuzatembenuza m'manja. Nayenso anali ataonda mpaka kolala ya malaya inkalendewera. Sanali munthu woipa. Kale ankabwera madzulo kudzamvera mpira pa wailesi ya alamu akewo.

"Ana anga sangadye nsungwi zaka zonsezo. Pano pali chinyontho, ndibzalapo chinangwa ndi mbatata." Anavalanso chipewa chija. "Komanso, alamu, abale anakhala pansi. Mwambo mukuudziwa. Mlongo wathu wapita. Pakanakhala mwana, bwenzi tikunena zina. Akuti tikumasuleni, mukapume kwanu. Nyumbayi alowamo mwana wa mchemwali wathu, amene akubwera ndi banja lake."

"Ndi chifukwa cha zimene ndinanena pamwala paja?"

"Ena akutero. Ine ayi. Ine ndikungoona kuti anthu odya achuluka, chakudya palibe." Anayang'ana kumbali. "Mundikhululukire."

A Jailos anagwedeza mutu. Sanatsutse. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asiyeko phata limodzi pakona, pafupi ndi mwala. Hudson anati aona, ndipo onse awiri anadziwa tanthauzo la yankho limenelo.

Ananyamuka m'mawa kusanatenthe. Katundu wawo anakwana m'thumba limodzi la feteleza: bulangete, malaya a kutchalitchi, mpeni wong'ambira nsungwi, ndi chitenje chimodzi cha Emelda chimene anabisa pamene abale ankagawana zovala. Hudson anawaperekeza mpaka pamsewu, nawalipirira galimoto yofika pa Chitakale.

Pa Chitakale panali piringupiringu. Pa mphambano ya msewu wa ku Phalombe panaima matola, anthu atadzaza kumbuyo ndi mitolo yawo, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Likhubula, Phalombe! Madala, Phalombe? Malo alipo, kwerani!"

A Jailos anafika mpaka pa galimotoyo, nagwira chitsulo. Kenako anayamba kuganiza za kumene akatsikire. Amayi awo anamwalira kalekale. Mlongo wawo yekhayo anapita ndi madzi osefukira aja a ku Phalombe, pamodzi ndi nyumba ndi mtengo umene akanazindikirira malowo. Ana a mlongoyo anawaona komaliza ali akhanda, ndipo mayina awo sankawakumbukira bwino. Akafika akati ndine yani? Ndipo ndani, chaka ngati chino, angatsegulire chitseko nkhalamba yobwera ndi thumba lopanda ufa?

"Mukwera kapena simukwera, madala?"

"Pitani. Ndikwera inayo."

Galimoto inanyamuka, fumbi linabwerera pansi. Anakakhala pa khonde la sitolo yotseka, thumba lili pakati pa miyendo. Inabwera ina, inadzaza, inapita. Dzuwa linafika pamutu. Mayi wina anatula lichero la nthochi pafupi nawo, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Agogo, pamenepo ndi pamalo panga. Tasunthani pang'ono."

A Jailos anakoka thumba lawo, nasunthira kumapeto kwa khonde, kumene kunalibe mthunzi.